Mutu 5: Azakhali Achapa Timagalasi

1. Bini yaulesi

Kunyumba kwa Tsinzi kunali bini imodzi, ndipo inali yaulesi kuposa mabini onse a mumsewu umenewo. Anthu otola zinyalala akafika pageti ankangoisuzumira n'kupitirira. Ena ankaganiza kuti m'nyumbamo simukhala anthu.

Bambo a Tsinzi ankakonza zinthu zamagetsi. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, yodzaza nsimbi zakufa, mafani opanda mapiko ndi mawailesi amene anasiya kulankhula Tsinzi asanabadwe. Ukawauza kuti chakuti chatha ntchito, ankakuyang'ana ngati wawatukwana. "Changotopa," ankatero, n'kuchiika pashelefu kuti chipume.

Koma mwini wake weniweni wa khalidweli anali azakhali, mlongo wamkulu wa bambowo. Ndi iwo ankayendetsa nyumba, poti mayi a Tsinzi ankagwira ntchito kutali. Azakhali ankachapa majumbo n'kuwayanika pachingwe limodzi ndi malaya. Tizidutswa ta sopo ankatimata pamodzi mpaka tibale sopo wina wamawangamawanga. Ndipo chilichonse chatsopano cholowa m'nyumbamo chinkapita m'kabati ya pabalaza, momwe munali makapu, matawulo ndi mbale za alendo. Kiyi wake ankakhala m'khosi mwawo pa kachingwe. Alendo ankabwera ndithu, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anafikapo pa msinkhu wa makapuwo.

Tsinzi anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu, chifukwa asanayambe kuvala mandala ankatsinzinira maso kuti aone pabolodi. Mandala anabwera, dzina silinachoke. Chaka chilichonse ankamusinthira ena okhuthala kuposa akale, mpaka mayi ake anada nkhawa n'kupita naye kwa dokotala wa maso. Kumeneko ndi kumene kunachokera timagalasi tofewa, toika m'diso mwenimwenimo, tating'ono ngati mamba a nsomba.

2. Chenjezo la adokotala

Adokotala anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga ngati kuti panja palibe odwala ena. Tsiku lopereka timagalasi anamukhazika Tsinzi pampando n'kumuyang'ana m'maso, monga ntchito yawo.

"Tamvera, mwanawe," anatero. "Diso lako likukula mopitirira, likutalika chakumbuyo, n'chifukwa chake zakutali ukuziona mwachimbuuzi. Timagalasi iti sitichiritsa, ndisakunamize. Ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la disolo, kuti pomwe uzidzafika pa usinkhu wanga lisadzakhale litafika poipa. Koma tili ndi malamulo ake. Usambe m'manja ndi sopo, upukute mpaka aume, kenako ndiye ugwire diso. Usagone nato, usalowe nato m'bafa. M'mawa utsegule paketi yatsopano, madzulo uvule n'kutaya. Ndati kutaya. Kagalasi kamene kagona kunja kwa paketi yake si kagalasinso, ndi chinyalala. Madzi a pampopi asayandikire n'komwe. Madzi amenewo ndi abwino kumimba, koma muli tizilombo tosaoneka timene tikabisala pansi pa kagalasi timadya diso ngati chiswe pathabwa, ndipo pena mankhwala amatilephera. Uzisewera panja, buku ndi foni uzipumirako. Diso likafiira, likapweteka, likamaopa kuwala, usalimbane nalo pakhomo, thamangira kuno. Ndipo ndikadzapeza kuti malamulo awa akuphwanyidwa, ndidzakuletsa timagalasi n'kukubwezera ku mandala. Bola mwana wondikwiyira kusiyana ndi mwana wa diso limodzi."

Tsinzi anavomera zonse. Masiku oyamba inali nkhondo, chifukwa chala chikangoyandikira, chikope chinkadzitsekera chokha. Koma anazolowera, ndipo dziko linamutsegukira. Anadabwa kuona kuti mtengo wa kutsidya kwa msewu uli ndi masamba, osati chiguduli chobiriwira.

Chachikulu, anayamba kusewera mpira wamanja popanda kugwirira mandala ndi dzanja limodzi. Aphunzitsi a masewera, amene ana ankawatchula kuti a Kherere, anamuona akuponya. Anamuuza kuti Lachisanu masana akayesedwe, poti timu ya sukulu inkasowa woponya zigoli.

Madzulo aliwonse Tsinzi ankavula timagalasi n'kutiponya m'bini monga anauzidwira. Sanadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani bini ija inkadzukabe yopanda kanthu.

3. Thireyi ya mazira

Lachisanu lija anadzuka mtima uli dyokodyoko. Anasamba m'manja, napukuta, n'kutambasula dzanja pashelefu ya kuchipinda kwake. Bokosi la timagalasi panalibe.

Pamalo pake panali thireyi ya mazira. M'dzenje lililonse munali chivindikiro cha botolo chodzaza madzi, ndipo m'chivindikiro chilichonse munkayandama kagalasi. Thireyiyo inali yopentedwa, mbali ina yofiira ya diso lamanja, ina yachikasu ya lamanzere. Tisanamizane, ntchito inali yooneka bwino.

"Azakhali," anaitana. "Bokosi langa lili kuti?"

Azakhali analowa akupukuta manja pa epuloni, nkhope ili mwee ngati munthu wobwera ndi mphatso.

"Lili pabwino, m'kabati. Usadandaule, silisowa."

"Nanga izi?"

"Ndi tako tomwe tija. Ndakhala ndikutitola. Tina ndinkatipeza titauma gwa, titapindika ngati chikhadabo, koma ukativiika timadzuka. Ndatitsuka pampopi mobwerezabwereza mpaka tati mbee. Uzivala timeneti mkati mwa sabata. Tatsopano tisungire tsiku lalikulu."

"Lero ndi tsiku lalikulu, azakhali."

"Kuponyerana mpira? Tsiku lalikulu ndi ukwati, kapena kukalandira satifiketi."

Tsinzi anafotokoza za adokotala, za tizilombo, za chiswe. Azakhali anamusiya amalize. Kenako anakhala pabedi n'kuwongola siketi, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti akatero ulaliki wayandikira.

"Mwana wa mchimwene wanga, tandimvera ine. Ndakulera ndi manja awa, ndipo sindinakupatsepo chinthu chokupha. Anthu ogulitsa zinthu onse nyimbo yawo ndi imodzi: taya, ugule china. Anatero ndi malezala, anatero ndi matewera, lero afika m'maso. Kanthu kosang'ambika, kosathyoka, kovala tsiku limodzi lokha, n'kukataya? Kodi malaya ukavala lero, mawa umawaponya kudzala? Mayi ako akukhetsa thukuta kutali kuti zinthu izi zipezeke, iwe n'kumaziponya m'bini ngati makoko a nthochi. Mwana wotaya zinthu amadzatayanso anthu. Amayamba ndi kagalasi, mawa ndi supuni, mkuja ndi azakhali ake okalamba. Tizilombo ukunenato ine ndatifufuza padzuwa, sindinaone ngakhale mwendo wake. Madzi omwewa timamwa, madzi omwewa ndinkakusambitsa uli khanda, lero asanduka afiti? Sunga khosi, mwanawe, mkanda uoneka."

Atamaliza anatenga dengu n'kupita kumsika, kiyi akulendewera pachifuwa.

Tsinzi anathamangira kushedi. Anapeza bambo ake ataweramira fani ya munthu wina.

"Ababa, athamangireni azakhali, muwapemphe kiyi."

Bambowo anakanda m'mutu ndi sipanala. "Achemwali sindingawathe, mwanangu. Kabati imeneyo ngakhale ine ndimaipatsa moni ndili patali."

"Ndiye imbirani amayi."

Anaimba, koma foni inangolira yokha. Kuntchito kwa mayi a Tsinzi mafoni ankasiya pageti.

Bambo anatsokomola pang'ono. "Koma thireyi waiona? Ndaipenta ndine, penti wake ndi wosasuluka."

Zinali zoonekeratu kuti akudikira kuyamikiridwa, ndipo zimenezi zinamupweteka Tsinzi kuposa ulaliki uja. Anthu awiriwa sanachite mwankhanza. Anachita mwachikondi, ndipo Tsinzi sankadziwa kuti munthu wokulakwira mwachikondi umayamba pati kumukalipira.

4. Kagalasi pansonga pa chala

Anabwerera kuchipinda n'kuima pafupi ndi thireyi, atagwira njakata. Nthawi ya sukulu inali itayandikira. Timagalasi tinkaoneka tabwinobwino, tonyezimira, ngati tosalakwa.

Anaviika chala m'chivindikiro chimodzi. Kagalasi kanakwera pansonga pa chala mwaulemu ngati masiku onse. Anakokera chikope pansi. Tsiku limodzi lokha, akanadziwa ndani?

Katatsala pang'ono kukhudza diso, dontho la madzi linatsetsereka pachala mpaka pamkono. Anali madzi a pampopi, ozizira. Tsinzi anayang'ana dontholo, n'kuyang'ana diso lake pagalasi la pakhoma. Linali loyera, lopanda vuto, ndipo analibe lina la alendo losungidwa m'kabati.

Anabweza kagalasi m'chivindikiro n'kukasambanso m'manja.

Tsopano panatsala mandala. Atsopano, amene adokotala anamupatsa kuti azivala akavula timagalasi, analowa m'kabati tsiku lomwe anafika. Otsala panja anali akale, ofooka mphamvu, a mwendo umodzi. Pamalo pa mwendo wothyokawo bambo ake anaikapo nthiti ya ambulera yopinda mwaluso.

"Agwa ndikamathamanga," anatero Tsinzi atabwerera kushedi.

Bambo anasangalala, poti tsopano vuto linali la mtundu wawo. Anafukula m'katoni n'kutulutsa lasitiki wa kabudula amene anamwalira kalekale. Anamangirira uku ndi uku, namuveka kuzungulira kunkhongo.

"Waona kusunga zinthu?" anatero monyadira. "Ngakhale mphepo yamkuntho siingawachotse."

Tsinzi anathokoza ndi pakamwa pokha n'kunyamula chikwama.

5. Ambulera pabwalo

M'kalasi anapirira. Zapabolodi ankakopera kwa mnzake wokhala naye desiki, mtsikana wamtali amene onse ankamuti Nsungwi. Nayenso Nsungwi ankafuna malo omwewo m'timu, koma ubwenzi wawo sunagwe nazo.

"Kodi lero kugwa mvula?" anafunsa Nsungwi. "Wabwera ndi ambulera kumaso."

Tsinzi anamunong'oneza nkhani yonse. Nsungwi anaseka mpaka anabisa mutu m'buku.

"Koma iwenso," anatero atapuma, "ine ndikanangovala tochapato. Tsiku limodzi diso lingaole?"

"Diso lake la ndani?" anafunsa Tsinzi.

Nsungwi anangopitiriza kuseka.

Masana pabwalo a Kherere anafoletsa atsikana. Anali mayi wamphamvu, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Atafika pa Tsinzi anaima, manja m'chiuno.

"Timagalasi tija tili kuti?"

"Tili m'kabati, aphunzitsi."

"Ndiye kabatiyo ndi imene isewere?"

Atsikana anafa nalo phwete. A Kherere anakoka lasitiki uja pang'ono kuti aone kulimba kwake, napukusa mutu, n'kumulola kulowa.

Zimene zinachitika pabwalo lija anthu anazisimba mpaka kutsekera sukulu. Mkombero wa chigoli unkaoneka ngati utsi. Thukuta litayamba, mandala anachita nthunzi, ndipo lasitiki ankakoka makutu kuti akumane kunkhongo. Mpira woyamba unagunda mlongoti n'kubwerera. Wachiwiri Tsinzi anaupereka mwaluso kwa munthu wa malaya ofiira amene anaima poyera, osadziwa kuti ndi a Kherere. Iwo anauwakha ndi dzanja limodzi n'kumuyang'ana.

Kamodzi anagoletsa ndithu, koma anachita kumva kwa anzake.

Kenako iye ndi Nsungwi analumphira mpira umodzi, ndipo nthiti ya ambulera inakola tsitsi la Nsungwi. Masewera anaima. Atsikana awiriwo anayenda chopendeka kutuluka m'bwalo, mitu italumikizana, Nsungwi akudandaula kuti ubwenzi wa mtundu uwu sanaupemphe.

Pomaliza a Kherere anasankha Nsungwi. Tsinzi anamuitanira pambali.

"Dzanja uli nalo, ndinaliona masiku apitawa," anatero. "Koma timu siyenda ndi zimene ndinaona kale. Kakonze za kunyumba kwanuko."

Tsinzi sanalire pabwalo. Analirira kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo zinamuwawa kwambiri poganiza kuti wachita zoyenera koma wotsala ndi iye yemwe.

6. Umboni wa azakhali

Njira yonse yobwerera ankanola mawu oti akawalase nawo azakhali. Anafika pageti atawakonza bwino, oyamba, apakati ndi otsekera.

Koma pabalaza anapeza zina. Azakhali anali pampando, mutu chagada, misozi ili mbwembwembwe. Diso lawo lamanja linali psuu ngati phwetekere. Pambali pawo panaima bambo, tochi m'dzanja limodzi, kachitsulo kopanira mawaya m'dzanja lina.

"Ababa, ikani pansi chimenecho!"

"Sindinawakhudze," anatero bambowo mwachangu. "Ndimangoyeza."

Nkhani yake inali iyi. Azakhali atabwera kumsika anapeza thireyi ili chidzazire, ndipo zinawapweteka kuti mwana wakana ntchito ya manja awo. Anaganiza zopereka umboni. Anatenga kagalasi, nalimbana nako pagalasi la pakhoma mpaka kanalowa. Koma m'malo moona bwino, nyumba yonse inachita chifunga, poti timagalasito tinapangidwira diso la Tsinzi. Iwo anaganiza kuti kamodzi kachepa, monga bulangeti limodzi m'nyengo yozizira, ndiye anawonjezera kena pamwamba. Atatero anagona tulo ta masana kuti tikhazikike.

Za kavulidwe kake anali asanafunsepo munthu, ndipo safunsa anadya phula. Anayesa kutikita, anayesa kuyetsemula, anayesa kuthira madzi. Diso linkangofiirabe.

"Mwanangu," anatero azakhali ndi timawu tating'ono timene Tsinzi anali asanatimvepo, "timatuluka bwanji?"

Mawu onola aja anasungunuka onse. Tsinzi anasamba m'manja ndi sopo wamawangamawanga, napukuta, n'kutsegula chikope cha azakhali mosamala. Kagalasi kamodzi kanatuluka. Kena kanakakamira, ndipo tochi ikangoyandikira azakhali ankabuula.

"Tiyeni kuchipatala, pompano," anatero Tsinzi.

"Tidikire mawa, mwina katuluka kokha," anatero bambo.

"Inu waya akayamba kununkha mumadikira mawa?"

Bambo anaika kachitsulo pansi n'kukatenga nsapato.

7. Funso lovuta

Anapeza chipatala chatsala pang'ono kutseka. Adokotala anadontheza mankhwala m'diso la azakhali, nadikira pang'ono, n'kuchotsa kagalasi kaja mosavuta. Kenako anaunika disolo ndi makina awo.

"Lakandika pamwamba," anatero. "Ngati tizilombo talowa, tidziwa m'masiku akubwerawa. Muzithira mankhwala awa monga ndikuuzireni, ndipo mawa m'mawa mubwerenso, osajomba. Tsopano ndiuzeni, mayi, kagalasi ka mwana kanafika bwanji m'diso lanu?"

Azakhali anaulula zonse, kuyambira kubini mpaka kutulo ta masana. Bambo anawonjezera za penti, ngakhale panalibe anawafunsa. Adokotala sanaseke, koma pakona pa mlomo wawo panagwedezeka.

"Kusunga zinthu si tchimo, mayi," anatero. "Inenso kwathu mabotolo sinditaya. Koma pali zinthu zimene ukazisunga zimatembenuka n'kukudya. Jakisoni timabaya kamodzi, bandeji timamanga kamodzi, ndipo palibe amati tikuwononga. Mwana uyu diso lake likuthamanga, ndipo zaka zolichepetsa liwiro ndi zino, akadali kukula. Zikadutsa sizibwerera. Timagalasi tokhala m'kabati sitithandiza diso la munthu, timangokalamba mumdima. Tsiku lalikulu la mwana uyu ndi tsiku lililonse limene akudzuka kupita kusukulu. Akanakumverani m'mawa uja, pampando apa pakanakhala iye, ndipo inu mukanaima apo mukulira ndi maso onse awiri. Madzi akatayika saoleka, mayi."

Azakhali anagwira kiyi m'khosi.

Adokotala anavula magolovesi n'kuwaponya m'bini ya pakona, napita kusinki kukasamba. Atabwerera anakhazika Tsinzi pampando n'kumuunika maso onse awiri.

"Ndi oyera. Sunavale?"

"Ndinafika nako apa," anatero Tsinzi, akuloza pafupi ndi diso, "koma ndinabweza."

"Wachita bwino." Adokotala anayang'ana nthiti ya ambulera. Kenako anakokera mpando wawo pafupi. "Tsopano ndikufunsa iwe, osati akuluwa. Iwe ndakukhulupirira. Koma timagalasi sitikhala m'manja mwako mokha, timakhala m'nyumba. Kodi kwanuko tingakhale mwamtendere, totsegula m'mawa, totaya madzulo, popanda wotitola? Ukati inde, upitirize kuvala. Ukati ayi, tiyamba taima."

Tsinzi anayang'ana azakhali, n'kuyang'ana bambo ake. Bambowo anamwetulira momulimbikitsa, akugwedeza mutu kuti avomere. Koma m'thumba la jekete yawo munkasuzumira chala chabuluu cha limodzi la magolovesi amene adokotala anali atangotaya kumene.

Bambo anatsatira maso a mwana wawo n'kuona chalacho. Kumwetulira kuja kunazima.

Mawu oti inde anali pansonga pa lilime la Tsinzi. Akanamubwezera timagalasi mawa lomwe, mwinanso a Kherere akanamuyang'ana kachiwiri.

"Ayi, adokotala," anatero Tsinzi motsitsa. "Panopa sitingakhale."

"Zikomo ponena zoona. Ndiye uzivala mandala, atsopano aja, osati ambulera. Lolemba mubwere nonse atatu, ndi bokosi, ndi thireyi yomwe. Ndikadzamva zimene zasintha m'nyumbamo, ndidzagamula ngati tipitirize kapena tilekere pomwepa."

8. Pageti

Anatuluka dzuwa litapendeka. Azakhali anali patsogolo, diso limodzi lotsinzina. Bambo anatsalira pakhomo la chipatala. Tsinzi atacheuka anawaona akubwerera mkati, ndipo potuluka thumba lija linali lopanda kanthu.

Bambo atawapeza, anayenda limodzi kamtunda ndithu.

"Kumpira kuja zatha bwanji?" anafunsa bambo.

"Atenga wina."

"Chifukwa cha ambulera?"

"Chifukwa sindimaona, ababa."

Manyazi ndi chisoni zinawagwira bambo pamodzi, ndipo njira yotsalayo anayenda atazyolika. Atafika pageti anaima.

"Ndiuze, mwanangu. Lolemba lisanafike nditaye chiyani kuti adokotala aja atikhulupirire?"

Tsinzi asanayankhe, azakhali anatembenuka pakhonde, kiyi atamufumbata ndi manja onse awiri.

"Thireyi tayani, zivindikiro tayani, ngakhale ineyo munditaye," anatero. "Koma kabati yanga satsegula poti dokotala wanena. Lero mukuti timagalasi, mawa mufuna makapu."

Bambo anayang'ana mlongo wawo wamkulu, amene anali asanamutsutsepo chibadwire. Anayang'ananso mwana wawo, maso ali ofiira ndi kulira kwa masana, lasitiki wa kabudula akadali kunkhongo.

"Tandigwirira iyi," anatero, akuvula jekete.

Anapinda mikono ya malaya n'kulunjika kushedi, kukatenga zida zotsegulira kabati ija.